Galu wa mu Gemu Yathu ndi Alendo a Kutali

Ine ndine munthu wophulika msanga. Chinthu chikandisangalatsa ndimayamba kuchilalika chisanapse n'komwe, ndipo anthu a pa Petauke amene amabwela ku shopu kudzapangitsa fotokope amandidziwa choncho. Chaka chimene tinamaliza gemu yathu yoyamba, panalibe kasitomala amene anatuluka osaiona. Munthu wabwela ndi setifiketi ya mwana wake, ine ndamugwilitsa kale foni m'manja: "Bambo, tadinani apa kaye, makina akali kutentha."

Gemuyo tinaipanga awili, ine ndi msuweni wanga, mwana wamkazi wa azakhali. Ine ndinkalemba zoiyendetsa pa kompyuta ya mu shopu, abwana akatuluka ndipo makasitomala kulibe. Ndinaphunzila ndekha pa intaneti, kulakwitsa n'kuyambilanso, mpaka kamunthu kanayamba kuyenda ndikadina. Msuweni wangayo ndiye ankajambula. Kwawo ndi ku Luembe, koma ankakhala pa Nyimba, kugulitsa nthochi ku mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata. Basi ikanyamuka ankakhala pansi pa mtengo, beseni pambali, n'kumajambula ndi chala pa foni: anthu, nkhuku, nkhokwe, mipanda ya udzu. Ine kujambula iyayi. Mbuzi yanga imaoneka ngati tebulo.

Inali gemu ya mtundu uja wosalila kuikopela m'foni. Munthu amangotsegula tsamba pa intaneti n'kuyamba kusewela pomwepo. Nkhani yake inali yapafupi. Watsika basi pa Nyimba, wanyamula ndowa yatsopano ya mphatso, ukupita ku ukwati ku Luembe koma njila suidziwa. Ndiye uziyenda, kufunsa khomo ndi khomo, kuoloka mtsinje, kuzemba ng'ombe, mpaka ukafike kumene akuvina. Pa khomo loyamba msuweni wanga anaikapo galu wofiila, wa nthiti zoonekela, amene anamujambula bwino kwambili moti ndinkachita kumumvela chisoni.

Aliyense amene ndinamupatsa anafika ku ukwatiko, ndipo aliyense anati, "Aa, koma ndiwe wanzelu!" Ndinafufuma. Loweluka lina, kutentha kuja kwa mvula isanagwe kutayamba, ndinakwela minibasi kupita ku Nyimba kukamuuza msuweni wanga kuti tatchuka. Ndinamupeza akumwa madzi, nthochi zatsala zochepa. Ndinayamba kutchula anthu onse amene anayamika, mmodzimmodzi, manja ali m'mwamba. Iye ankangosenda nthochi yothyoka n'kumadya.

"Amuna anga," anatelo, paja ndi mmene timaitanilana mwachisuweni, "mwa anthu onse watchulawa, ndani amene si mbale wathu, si wa ku mpingo, ndipo sakufuna kuti umuchitile fotokope yosakuda?"

Ndinatsitsa manja aja.

"Abale amayamika chilichonse. Ngakhale nditajambula mwala adzati wakongola." Anataya khoko m'katoni. "Manje tamvela. Amai akundiitana. Chimwalilileni atate, amai akulima okha, ndipo miyendo yayamba kuwavuta. Ati mvula ikangogwa ndibwelele ku Luembe, ndikakhaliletu. Kumene kuja netiweki ndi ya pa chulu, malaiti kulibe. Ndikapita, zojambula zatha."

"Sungapite!"

"Ndingapite bwinobwino. Ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi chabe. Munthu wosatidziwa, wosationela nkhope, asewele mpaka ku ukwati, andiuze zoona. Akapezeka, ndidzadziwa kuti si chibwana chimene ndikuchitachi, ndipo ndidzawauza amai kuti ndikhala. Akapanda kupezeka, ndikagwila khasu mtima uli m'malo."

Sankaseka. Ndinayang'ana kumwamba, kunali mbee, koma kumwamba kwa mwezi umenewo sikukhulupilika.

Ndinabwelela ku Petauke mutu ukuwila. Alendo otelo ndiwatenga kuti? Kenako ndinakumbuka kuti ndinawelengapo za mipikisano ya anthu opanga magemu paokha, opanda kampani. Lolemba m'mawa, ndisanasese n'komwe, ndinayatsa kompyuta n'kufufuza ndi Chingelezi changa cha ku sekondale. Mayo ine! Inatuluka mipikisano yosawelengeka. Ya mlungu umodzi, ya mwezi, ya magemu oopsa, ya magemu a ana, ya magemu a mitundu iwili chabe ya utoto. Ndinaimilila, ndinakhala, ndinaimililanso. Ndiye kuti dziko lonseli muli anthu amisala ngati ife!

Woyamba kundigwila mtima unali waukulu, tsamba lake lonyezimila, mphoto zake zoti ukaziona umayamba kusankha penti wa nyumba imene sunamange. Wopambana ankasankhidwa ndi mavoti a anthu pa intaneti. Mavoti? Ife? Ndinaona kale kwaya yonse, achibale a ku Msanzala, aphunzitsi amene ndimawataipila mayeso, amai a nthochi a pa Nyimba, aliyense foni m'manja. Ndinaimba pomwepo.

"Mkazi wanga, tapambana kale!"

Anamvetsela mpaka ndinamaliza. Kumbuyo kwake basi inkaliza hutala.

"Ndiye kuti ovotawo ndi abale omwewo?"

"Eya, koma tamvela..."

"Ndati alendo, iwe. Makutuwo ndi okongoletsa?" Anadula foni, chifukwa basi inali itaima.

Ndinamenya tebulo mpaka sitepula inagwa pansi. Koma nditaitola ndinatsegula magemu amene anapambana kumeneko chaka chapitacho, ndipo ndinaona kuti ankanena zoona. Pansi pa gemu iliyonse panali mavoti ambilimbili ndi timawu tofanana: tavota, tavota, Mulungu akutsogolele. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena za gemuyo. Ndi abale a anthu ena, basi.

Kuchokela pamenepo ndinasiya kuyang'ana mphoto. Ndinkathamangila pansi penipeni pa tsamba, pamene amalemba malamulo ndi tizilembo ting'onoting'ono. Kumeneko ndiye kunali nkhani. Mpikisano wina, wooneka waulemu ndithu, unanena kuti gemu iliyonse yolowa imakhala yawo, ndi zithunzi zomwe, ndipo angathe kuzigulitsa osakufunsa. Ndinawelenga kawili, ndinaitana mphunzitsi wina amene ankadikila mapepala ake kuti andiwelengele, ndipo anati ndamva bwino. Galu wathu uja akhale wa munthu wina? Asa! Ndinatseka tsambalo ngati landiwotcha chala.

Wina unkafuna ulipile kaye polowa, ndi khadi la ku banki, koma osanena kuti oweluza ndi ndani. Wina ndinaukonda kwambili, ndinawelenga mpaka kumapeto, n'kupeza kuti maiko ololedwa anawatchula, ndipo lathu panalibe. Imeneyo inandipweteka. Munthu wasamba, wavala, wafika pa chipata, ndiye akuti si za inu.

Inalipo ina yambili yokoma, imene amalengeza mutu Lachisanu ndipo gemu yatsopano izikhala itatha pofika Lolemba. Ndinaisilila zedi. Koma masiku amenewo malaiti ankapita m'mawa n'kubwela pamene afunila, ndipo wojambula wanga Loweluka ndi Sondo ndiye amathamanga kwambili ndi beseni. Komanso ife gemu tinali nayo kale. Tinkafuna mpikisano wolandila chinthu chopangidwa kale.

Njila imene inandithandiza ndinaitenga kwa azakhali. Mwamuna akabwela kudzafunsila mwana wa m'banja mwathu, iwo samvela za m'kamwa mwake. Amapita kukacheza ndi oyandikana naye nyumba. Inenso ndinayamba kufufuza anthu amene analowapo mipikisanoyo kale. Ndinkatsegula magemu a chaka chatha, osati a opambana, koma a kumchila, ndione ngati alipo anawasewela. Kwina masamba a opambana anali atafa, kudina osatseguka. Kwina ndinalembela mnyamata wina wa kutali amene analowapo, ndipo anandiyankha mwachidule kuti gemu yake mpaka lelo anaisewela ndi mlongo wake chabe. Ndinamumvela chisoni ngati ndimamudziwa.

Masiku ankapita. Madzulo ena kunachita mdima cha kum'mawa, mphepo n'kuulutsa mapepala m'shopu. Msuweni wanga ananditumila uthenga wa mawu awili: "Waona mitambo?"

Umene tinasankha ndinatsala pang'ono kuudumpha, chifukwa tsamba lake linali losauka. Mphoto kunalibe. Ankauyendetsa anthu ochepa ongodzipeleka. Aliyense angalowe, kulikonse kumene ali, ndi gemu yatsopano kapena yakale, bola izitseguka pa tsamba. Gemu imakhalabe yako. Oweluza ndi olowa okhaokha: iwe usewele za anzako, uwapatse mamakisi, uwalembele maganizo, iwonso achite chimodzimodzi. Ndinapita kumchila kwa chaka chatha, ku gemu imene inali yotsiliza penipeni. Pansi pake panali ndemanga zazitali! Wina akuti nyimbo yako ikuboola makutu, wina akuti pa mlatho ndagwa kambili koma ndinaseka. Anthu anaisewela, ndipo sanamunyengelele mwini wake.

Ndinathamangila panja ndi foni, kusiya amai ena ataima ndi chiphaso m'manja.

"Ndawapeza! Alendo enieni! Ndi amwano, mkazi wanga, ukawelenga ulila!"

"Mphoto yake n'chiyani?"

"Kulibe."

"Lowetsa," anatelo, ndipo ndinamva kuti akumwetulila.

Lamulo limodzi chabe ndi limene linandidetsa nkhawa pang'ono: ukapeleka gemu, suloledwa kuisintha mpaka kuweluza kutatha. Ungayankhe ndemanga, ungalembe mawu pamwamba pa tsamba, koma gemuyo usaikhudze. Ndinati palibe vuto, yathu ilibe chilema. Ndinamasulila mawu ake m'Chingelezi, koma "odi" ndinamusiya momwemo. Ola lotsekela linali la dziko lina, ndipo poopa kusokoneza ndinapeleka kukali nthawi, masana dzuwa lili pamutu. Nditadina, ndinagwila abwana dzanja popanda chifukwa. Iwo anandifunsa ngati ndadya.

Mlungu wotsatila unali wokoma kuposa Khisimasi. Tinkasewela magemu a anthu ena, ine pa kompyuta, iye pa foni pakati pa mabasi, ndipo ankandiimbila kundiuza zoti ndilembe. "Muuze uyo wa chule woyenda m'mwezi kuti chuleyo ndi wokongola koma mthunzi wake uli kolakwika." Ndinkalemba mwaulemu kuposa mmene wanenela. Ukasewela za ena ambili, gemu yako imakwela poonekela, ndiye tinkasewela mpaka bandulo kutha.

Ndemanga yathu yoyamba inafika ndikudula mapepala. Ndinakuwa mpaka mlonda wa sitolo yoyandikana nayo anasuzumila. Munthu wa dziko limene sindinalimvepo bwino watsegula gemu ya ku Nyimba! Ndinawelenga pomwepo. Anati zithunzi ndi zokongola kwambili, koma galu wamuthamangitsa ndipo sakudziwa chifukwa chake. Ndinaseka. Ndinati uyu ndi wamanja olemela chabe.

Yachiwili inanena za galu yemweyo. Yachitatu inati gemu ndi yowonongeka, nyumba yoyamba sidutsika. Wina analemba kuti wayesa mpaka watopa, galuyo ngati ndiye mathelo a gemu tinene. Pofika madzulo ndemanga zinali zitachuluka, zonse galu, galu, galu. Palibe ndi mmodzi yemwe anaona mtsinje, ng'ombe, kapena ukwati umene msuweni wanga anaujambula mwezi wathunthu.

Ndinatsegula gemuyo pa kompyuta, galuyo ndinamudutsa. Pa foni yanga, ndinadutsa. Ndinabweleka foni ya abwana, ya mlonda, ya mlimi wina wa ku Nyalugwe amene anabwela kudzajambulitsa khadi la fetelaiza. Mlimiyo anali asanasewelepo gemu chibadwile, koma anadutsa galuyo osavutika n'komwe. Ndinafufuza mzele ndi mzele zimene ndinalemba, cholakwika osachiona. Ndinayamba kuganiza kuti intaneti ya kunja imathamanga kwambili moti galu wathu amapenga nayo.

M'mawa mwake kunagwa kamvula kowaza, kongonunkhitsa dothi. Ndinapempha abwana, ndinakwela minibasi.

Msuweni wanga anali atawelenga zonse. Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanandinyoza. Anati azakhali atumiza uthenga kuti abwela ku Nyimba kudzatenga mbewu kumapeto kwa mlungu, ndipo abwelele limodzi. Tinakhala pansi pa mtengo uja, tinapatsa foni amai anzake a nthochi. Woyamba anadutsa, wachiwili anadutsa uku akuyamwitsa mwana. Tinangoyang'anana.

Tili pomwepo inalowa ndemanga ina. Munthu ameneyu, Mulungu amudalitse kumene ali, anajambula kavidiyo ka mmene ankasewelela, kuti tione tokha pamene pakuvuta. Tinaika mitu pamodzi, ndi amai a nthochi omwe.

Kamunthu kanafika pa mpanda. Wosewelayo anadina "odi". Nthawi yomweyo anadinanso, odi, odi, odi, ngati akupopa njinga. Kenako, asanayankhidwe, anangolowa m'bwalo ndi ndowa yake, tswii kulunjika pa khonde. Galu anadzuka.

"Hii!" anakuwa msuweni wanga. "Akulowa osayankhidwa! Ndi wakuba kodi?"

"Mwana wa ndani ameneyu?" anafunsa amai oyamwitsa aja. "Galuyo walakwa chiyani? Ngakhale ine ndikanamuthila madzi."

Pamenepo m'mutu mwanga munayela. Gemu sinali yowonongeka. Tinaipanga dala choncho, ndipo tinaiwala kuti tinapanga. Ukati odi umaima panja pa mpanda, osakhudza kanthu. Mwini nyumba sayankha msanga, chifukwa msuweni wanga anaumilila kuti munthu weniweni amayamba watula lichelo, wamanga bwino chitenje, ndiye atuluke n'kuti odini. Pa nthawi yodikilayo pa sikilini pamangodutsa nkhuku. Ukabweleza odi mopupuluma, kapena ukaponda m'bwalo usanayankhidwe, galu amakubweza mpaka pa siteshoni. Sitinalembe paliponse. Tikanalemba bwanji? Kodi munthu amauzidwa kuti madzi amamwela kukamwa? Aliyense wa kwathu kuno, ngakhale mlimi uja, ankati akadina odi chala chimaima chokha.

Tinaseka, abale! Msuweni wanga anagona chagada pa thumba, misozi ili chuchuchu. Ine ndinazungulila mtengo ndikuomba m'manja. Basi ya ku Chipata inaima, amai onse anathamanga ndi mabeseni, iye sanadzuke n'komwe. Dziko lonse la anthu ophunzila, a makompyuta amphamvu, lagonja pa mpanda wa udzu chifukwa chosadziwa kudikila!

Kuseka kutatha mantha anabwelanso. Ambili anali atapeleka kale mamakisi n'kupita, ndipo kuweluza kunali pafupi kutsekedwa. Gemu sitingaikhudze. Ndinafuna kulemba ndime yaitali yofotokoza mwambo wonse, ndi kupepesa komwe.

"Kupepesa chiyani?" anatelo iye. "Alowa pakhomo pa eni ngati mbuzi, ndiye tipepese ife? Lemba mzele umodzi."

Ndinalemba pamwamba pa tsamba: ukati odi, ima panja, udikile mwini nyumba akuyankhe. Kenako ndinayankha munthu aliyense amene anadandaula za galu, mmodzimmodzi, mpaka chala chinauma. Ndinabwelela ku Petauke foni ili m'manja njila yonse, kumene netiweki yathawa ndikuikweza pa windo.

Ambili sanabwelele. Wa kavidiyo uja anabwelela, anadutsa galu, analemba kuti waseka yekha m'nyumba, koma anakathela pa mtsinje chifukwa nthawi inamuthela. Wina anafika pa ng'ombe. Ndinkamuimbila msuweni wanga ngati wolengeza mpila pa wailesi: "Waoloka! Waoloka mtsinje! Aa, ng'ombe yamugunda." Iye ankangofunsa kuti, "Ku ukwati wafika?" Ndinkati sanafike. Lachinai mvula inagwa yeniyeni, ya mabingu, madzi kuyenda mumsewu. Anthu a m'shopu ankasangalala, ine maso ali pa foni.

Lachisanu m'mawa inafika ndemanga yaitali, yochokela kwa mai wina wa ku dziko lozizila. Sindinaimalize n'komwe. Nditangoona mawu oti ukwati ndinavula apuloni, ndinauza abwana kuti andidule tsiku ngati afuna, n'kuthamangila ku siteshoni. Nkhani yotele siuzidwa pa foni.

Ndinamupeza msuweni wanga ku kanyumba kake ka lendi, kuseli kwa msika. Chikwama chinali pa bedi, chomanga kale. Beseni anali atapatsa mnzake. Ndinamupatsa foni ndili wefuwefu, ndipo anati ndimuwelengele ine, m'chinenelo chathu, osadumpha kanthu.

Maiyo analemba kuti anafika ku ukwati ndipo anakhala nthawi akungoyang'ana ovina, makamaka agogo ovina atanyamula nsapato m'manja. Anati atadziwa za kudikila, pa makomo otsatila ankaima pa mpanda mosangalala, kuyang'ana nkhuku, ndipo sakumbuka gemu ina imene inamupempha kuti angoima. Ndinaleka pamenepo, ndikumwetulila mpaka m'makutu.

"Pitiliza. Ndaona kuti ikadalipo."

Ndinapitiliza monyinyilika. Maiyo anati anthu athu sayenda, amatsetseleka, chifukwa miyendo yawo sipindika. Anati njila ya pakati pa mtsinje ndi ng'ombe ndi yaitali ndipo ilibe kanthu, anatsala pang'ono kusiya. Anati nkhope za amuna onse ndi imodzi, asiyana malaya chabe.

Magazi anandikwela. "Ameneyu akudziwa chiyani? Ajambule yekha ndi chala pa foni yosweka tione!"

"Khala chete, iwe." Analanda foni, anatsegula gemu, anayang'anitsitsa amuna a pa khomo lachiwili ndi lachitatu. "Yaba! Ndi nkhope imodzidi. Ndi nkhope ya kondakitala uja wa basi yobiliwila." Anaseka, kenako anagwila pakamwa, maso atadzaza misozi. "Waona miyendo. Ine ndinkadziwa kuti miyendo sili bwino, chaka chonse palibe ananena. Munthu uyu wayang'ana, amuna anga. Wayang'anadi!"

Anadumpha n'kundikumbatila mpaka foni inagwa pa mphasa. Ine ndinali kukuwa, iye kulila ndi kuseka pamodzi, mwini nyumba anabwela kudzafunsa ngati kwagwa malilo kapena ukwati. Zotsatila zitatuluka patapita masiku tinali kumunsi ndithu, ngakhale osati kumchila kwenikweni, koma palibe wa ife anazilabadila.

Azakhali anafika masana a Lachisanu lomwelo pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anali atatenga kale thumba la mbewu. Ndinawalandila, ndinagwada, ndinafunsa za kumudzi. Anati mvula yalowa bwino, anthu ayamba kubzala dzulo. Anakhala pa mpando akusisita bondo, anaona chikwama pa bedi, anagwedeza mutu mokhutila.

"Wamanga kale. Tiye, mwanawe, mtsinje usanadzaze."

Msuweni wanga anagwada patsogolo pawo.

"Amai, chaka chino sindibwela kudzakhala. Ndidzabwela kudzathandiza kupalila, ndipo wa ganyu ndidzamupeza ine. Koma ndikhala kuno. Ntchito yojambula ija ndikufuna ndiipitilize."

Azakhali sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anamuyang'ana mwana wawo, kenako anatembenukila kwa ine.

"Ndiwe wamupezela anthu amenewa?"

"Ndine, azakhali."

"Amudziwa?"

"Iyayi, samudziwa."

"Nanga amufunilanji?"

Azakhali anaimilila pang'onopang'ono, dzanja lili pa bondo. Anamuuza mwana wawo kuti azidya, waonda. Tinawapelekeza ku njinga yamoto, ndinamanga thumba la mbewu kumbuyo, ndinalimbitsa chingwe kuposa mmene chinafunikila. Pa mpando panatsala malo a munthu mmodzi pakati pa iwo ndi thumba.

Ndinasangalala tsiku limenelo, sindingabise, mtima unkachita kuvina. Koma njinga itanyamuka, azakhali atagwila phewa la woyendetsa ndi dzanja limodzi, lina litagwila thumba kumbuyo, sindinathe kukweza mkono kuti ndiwatsazike. Msuweni wanga anaima pambali panga mpaka anakhota pa msika.

"Adzabzala okha mawa," anatelo.